Ndalama za Chiliza Chanu Zinathera pa Linthipe

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno ku Mphunzi kuzizira kwafika msanga chaka chino, ndipo ana a m'kalasi mwanga akumalemba manja ali njenjenje. Mng'ono wanga Esinati anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, wonenepa bwino. Chimanga sichinachite bwino, koma kachewere wa kudimba kwanu anabereka ndithu. Nkhani yomwe yandikhazika pansi ikuchokera pa kachewere ameneyu.

Tinagwirizana pabanja kuti ndalama zake zikhale zomangira chiliza chanu. Amalume anauza kale abale onse, ndipo abambo mfumu analola kudzadalitsa mu Ogasiti. Yohane, chitsiriza wanu, ndiye anatengera matumba ku Linthipe. Anagulitsa bwino, K300,000. Kunyumba anafika ndi matumba opanda kanthu basi.

Panapita sabata yathunthu. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinamukhazika pamphasa, ndinathira nyemba pakati, ndipo ndinamuuza kuti andionetse mmene zinayendera, nyemba imodzi ikhale K5,000. Mukudziwa kuti ine sindipsa mtima bwino pa chinthu chomwe sindinachimvetse.

Ndi njuga ya makhadi, amati poka. Aliyense amaponya ndalama pakati, ndipo wa makhadi oposa amatenga mulu wonse. Yohane anaiphunzira kwa anzake pagolosale pano, koma yawoyo ndi ya malire. Woonjezera amaonjezera ndalama yodziwika kale, monga K500, osapitirira. Choncho mulu suvuta kuudziwa. Umangowerenga mitu ya anthu ndi maulendo amene aponya, ndipo ngakhale utasokoneza, chomwe akufunsa n'chochepa.

Ya ku Linthipe, kuseri kwa malo ogona ogula kachewere, ndi yopanda malire. Munthu amaponya mmene wafunira, ndipo wina amangonena kuti waika theka la mulu. Pamenepo ngati sunali kuphatikiza mumtima kuyambira pachiyambi, sudziwa chimene ukuvomera. Komanso mawu ukawatulutsa sabwezedwa. Chokutchinjiriza n'chimodzi chokha: uli ndi ufulu wopempha kuti muluwo uwerengedwe usanayankhe.

Anali anthu asanu, ndipo wamkulu pa onse anali a Chimbalanga, bambo aimvi omwe anagula matumba athuwo. Ena anagonja m'njira, ndalama zawo zili kale pakati, mpaka anatsala awiri. A Chimbalanga ananena kuti aika theka la mulu. Yohane anayang'ana ndalama zopindapindazo n'kuganiza kuti sizingapose K150,000. Ngakhale zake zomwe, K100,000 yomwe anaponya pang'onopang'ono, sanaziphatikize. Anavomera. Atatambasula anapeza K400,000, ndipo theka lake linali zonse zotsala m'thumba mwake. Makhadi ake anali abwino, koma a bambowo anali oposa.

Ndinamufunsa chifukwa chake sanapemphe kuti awerenge, poti lamulo ankalidziwa. Anayankha akuyang'ana nyembazo.

"Achemwali, ndikanawauza bwanji bambo amsinkhu wa malemu abambo kuti tambasulani ndione? Akanati ndikuwayesa akuba."

Amayi, pamenepo ndinamva mawu anu. Munkatiuza kuti chipepeso ndi chopereka cha kutchalitchi tizipinda m'manja, dzanja lina likuchirikiza, ndiponso kuti mwana woleredwa bwino safunsa wamkulu kuti mwaika zingati. Tsiku lina munandibweza pamsika chifukwa ndinawerenga chenje pamaso pa mayi wogulitsa mchere. Sindikukuimbani mlandu. Munkatikonzera kukhala pakati pa anthu odziwana. Koma Yohane anatengera ulemu umenewu pamalo pomwe ena amadyerapo. Akuti a Chimbalanga potenga muluwo anamuyamikira kuti ndi mnyamata wamakhalidwe, n'kumupatsa ya minibasi.

Chomwe chikundiwawa kwambiri n'chakuti sanamubere. Ndabwereza masamuwo katatu ndipo akukwana. Palibe woti n'kumusumira. Cholakwa chenicheni ndi cha Yohane, pokhala pansi pamenepo ndi ndalama zomwe sizinali zake.

Dzulo ndinapita naye kwa amalume, ndipo anafotokoza yekha. Amalume sanakalipe. Anangomufunsa ngati akukumbukira amene anapalira m'dimbamo ulendo womaliza asanagonekedwe kuchipatala. Ankanena inu, amayi. Abale tawatumizira uthenga kuti asabwere mu Ogasiti, ndipo kwa abambo mfumu ndipita ndekha mawa.

Ndiye chaka chinonso mvula ikupezani pansi pa dothi lokha, ndi mtanda wamtengo uja womwe chiswe chayamba kudya kunsi. Pepani, amayi. Yohane sindinamuthamangitse, amadya pakhomo panga, koma kumukhululukira sindinafikepo, ndipo sindikunamizani kuti ndafika.

Chiliza chanu chimangidwa. Mwezi uliwonse ndikalandira ndizigula thumba limodzi la simenti, ndipo mchenga ndi miyala azituta ndi Yohane pamutu pake. Zitenga nthawi, koma sitidzakusiyani chonchi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Agnesi