Makoko a Malalanje

Lolemba, 4 Malichi

Mkulu wa dipatimenti wandiimitsa pakhonde, akuti pepala langa la kafukufuku wa makoko a malalanje latchulidwanso ndi ofufuza akunja, ndipo dzina langa lapita kukomiti ya uprofesa. Ndasangalala, ndisaname.

Kufika kunyumba, khitchini yonse fungo la malalanje. Makoko ayanikidwa pawindo, patebulo, mpaka pamwamba pa filiji. Ababa ali pachitofu ndi kapoto, ati akuthamangitsa akuba. Ndaseka mpaka misozi.

"Akuba" ndi mawu anga omwe. Kalekale atandifunsa kuti mafiri radiko n'chiyani, ndinawauza kuti ndi tinthu toperewera elekitironi imodzi, ndiye timakaba kwa tinzake m'thupi n'kuwononga. Maantiokisidanti amatipatsa mwaulere kuti tisabe. Chimvereni zimenezo, sanaziiwale.

Lachiwiri, 5 Malichi

Kuseka kwa dzulo kwandithera. Posintha zofunda kuchipinda kwawo ndapeza kabotolo ka mapiritsi awo a BP kali chidzazire. Komwe achemwali anawagulira mwezi watha kaja.

Ndawafunsa modekha. Ati mwana wawo akutchulidwa dziko lonse, iwo azimweranji zakufamase ngati munthu wopanda mwana wophunzira? Amalankhula akumwetulira, kapu ya madzi a makoko ili m'manja.

Lachinayi, 7 Malichi

Kulabotale ndataya mankhwala kawiri. Ntchito yake ndi yomwe ija: madzi apepo m'chubu, kudonthezamo zochokera m'makoko, kudikira mumdima, asanduka achikasu. Akuba agwidwa. Koma m'chubu! M'chubu basi. Ndinalemba momveka bwino papepalapo kuti m'thupi la munthu sitinayese. Kodi ababa anafika pamenepo? Anawerenga mutu ndi dzina langa, kwatha.

Ndaimbira achemwali. Ati iwo anayesa kale kuwauza, ababa anawafunsa kuti digiri ya kemisitiri anaitenga liti. "Unayambitsa ndiwe, umalize ndiwe," atero, foni n'kudula. Anthu ena kuthandiza kwawo!

Ndikuopa. Ndikuopa kuwapeza atagwa kubafa. Ndikuopanso nkhope yawo ndikawauza zoona.

Lachisanu, 8 Malichi

Ababa mutu ukuwapweteka kumbuyoku, ati ndi akuba akutuluka.

Loweruka, 9 Malichi

Ndawatengera kulabotale, lero kunalibe munthu. Anavala jekete ndi tayi ngati akupita kuukwati, fulasiki ya tiyi kukhwapa. Magalasi otchinjiriza maso anawavala tisanayambe n'komwe.

Ndinawaonetsa chubu cha madzi apepo, n'kudonthezamo zamakoko. Titadikira, chikasu. Anaomba m'manja, abale, ngati kamwana. Ndinatsala pang'ono kusiyira pomwepo.

Kenako ndinapempha tiyi wawo wa m'fulasiki, wamba uja amamwa tsiku lililonse. Dontho m'chubu china. Chikasunso. Anayang'ana machubu awiriwo nthawi yaitali. Ndinawauza kuti zinthu zambirimbiri zimachita zimenezi, ndipo chubu chilibe mtima, chilibe mitsempha, chilibe BP.

"Pa munthu unayesapo?"

"Ayi, ababa."

"Zaka zonsezi?"

Ndinayamba kufotokoza kuti kafukufuku amayenda choncho, ife timayamba, ena amapitiriza, n'chifukwa chake amanditchula. Ndimangodzimva ndekha ndikulongolola. Iwo anavula magalasi aja, anawapukuta ndi tayi, n'kuwaika patebulo bwinobwino. Tinabwerera kunyumba. Chakudya anangolawa, kuchipinda.

Mapiritsi sanamwebe. Ndiye ndaphula chiyani? Ulemu wanga ndauthyola ndekha, BP ili pomwepo.

Lamulungu, 10 Malichi

M'mawa ndimatsuka makapu, ndangomva nsapato pakhomo la khitchini. Avala kale, chipewa kumutu, kabotolo kaja m'manja. Anapempha madzi. Ndinafuna kufunsa kuti madzi ati, koma ndinadzigwira, n'kuwatungira apampopi. Anameza piritsi limodzi osandiyang'ana.

Ndimati zatha. Koma anangoima pomwepo, akutembenuzatembenuza chivindikiro cha kabotolo. Kenako anatchula a Telala, mnzawo wodwala shuga uja amasoka pafupi ndi siteji ya basi.

"Nawonso anasiya mankhwala awo. Ndinawauza ndine, kuti mwana wanga anapeza."

Ndinafunsa kuti liti. Ati kale ndithu, ndipo si iwo okha.

"Tenga makiyi a galimoto. Tiyambire kwa a Telala, dzulo podutsa ndinaona kuti sanatsegule shopu."