Zibangili za amayi anga

2 Disembala
Za ukwati wa Lubna zonse zagwera ine. Ophika, tenti, maluwa, jenereta. Mlamu wangayo tsiku lonse pagalasi, kudzipaka zosalalitsa nkhope. Mchimwene wake Tofael, mwamuna wanga ameneyo, ali phee. Wanga ukwati unali wa mvula, anthu ochepa pakhonde, mpunga wosapsa. Palibe anathamangathamanga.

5 Disembala
Ndaphunzira: wophika usamulembe usanalawe zake. Wadzulo uja, mpunga wake wa polao mafuta okhaokha. Chinanso, amalume a mkwatibwi sawaitana pafoni, umapita wekha ndi maswiti, apo ayi sabwera. Wapita ndani? Ine, pa njinga ya rikisho, fumbi mpaka m'mano. Pobwera ndapeza masari a Lubna, nsalu zotchenera paukwati, atawayala pabedi langa. Yofiira ija ndaigwira, kufewa kwake! Nsanje, inde. Ndikanirenji?

9 Disembala
Apongozi anandiitanira kuchipinda. "Mwana wanga, zibangili zako zagolide zija umubwereke Lubna, tsiku limodzi lokha. Akuchimuna angatione ngati amphawi." Zibangili zimene amayi anga anandiveka ndi manja awo. Chawo china ndilibe. Tofael akuti, "Iwenso, sazidya ayi." Ndavomera. Chitsiru ine.

13 Disembala
Lero mwambo womupaka mkwatibwi chikasu. Akuchimuna atumiza chinsomba atachiveka kasari, chipini pamphuno. Ndi nsomba yomwe yandiposa kutchena. Nthawi yanga itakwana ndamupaka Lubna patsaya, mwina ndinakanikiza. Akuti, "Alamu, mukupaka kapena mukusenda?" Anthu kuseka. Nane ndaseka, mano okha. Maluwa anabwera m'mawa, pofika masana ofota. Ulendo wina azibwera madzulo. Ulendo wina wa ndani?

15 Disembala
Ukwati watha. Magetsi anazima, jenereta yatiombola. Miyendo yatupa. Zibangili ndinamuveka Lubna ndekha, ndi sopo kuti zilowe. Zinamukhala, zinamukhaladi, mpaka ndinayang'ana kumbali. Apongozi ake, chimayi cha mano ofiira ndi pani, masamba otafuna aja, anamugwira mkono n'kumautembenuza: "Izi ndiye zenizeni." Potsanzikana aliyense misozi, Lubna wandikakamira m'khosi. Ndikanati bwanji "vula" pamaso pa anthu onse aja? Chimene mkwatibwi watuluka nacho pakhomo ndi cha kumene akupita. Ndimadziwa. Apongozi anganso amadziwa bwinobwino. Galimoto yapita.

18 Disembala
Lubna ndi mwamuna wake abwera kudzacheza kwawo kwa mkazi monga mwa mwambo, apongozi ake ali nawo. Mawu oti ndimuuze Lubna ndinakonzeratu, akuthwa. Wandipeza kukhitchini. Pamkono zibangili zagalasi, za pamsika. Milomo youma. "Alamu, apongozi akuti andisungira, ine ndingataye." Akunong'ona, maso kuchitseko. Lubna amene ankalongolola mpaka akhwangwala kuthawa padenga!

Ndatenga tiyi kupita naye pabalaza. Mayi wa mano ofiira uja watambasula dzanja kulandira kapu. Zibangili za amayi anga, pamkono pake, zothina mpaka kulowa m'mnofu. Wapsontha. "Shuga wachepa, mwana wanga." Tofael maso pansi. Apongozi anga akufunsa za ulendo, ngati msewu unali bwino.

Ndabwerera kukhitchini. Ndamupeza Lubna ataimirira pamphika, akudya mpunga wozizira ndi dzanja, mofulumira ngati wakuba. Ndimafuna kumutukwana, Mulungu akudziwa. Ndatseka chitseko, ndamukokera kampando.