Dzanja lamanja la Esinati

Lachitatu. Tsiku loipa, mtima sunakhazikike.

Ofesi yathu yoona za ana inandituma ku malayini, nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi, kukayendera Esinati, amene aphunzitsi ake akuti wasiya kulemba. Atagwada, anandipatsa moni ndi dzanja lamanzere. Mayi ake anati, "Ndi wamwano ameneyu, amadamu." Lamanja analibisa m'chitenje. Nditavundukula ndinapeza zala zitatu zitamatana, zitapsa ndi jumbo yosungunula. Mlandu wake, anadya peyala limodzi.

Bambo ake omupeza anali pakhomo, akunola mpeni wodulira tiyi. "Mwana ndimalanga ndekha. Mwamaliza?"

Ndinayamikira kuti pabwalo ndi posesa bwino, n'kutsanzika mwaulemu. Ndakanena kupolisi, koma akuti galimoto yokatengera mwanayo ipezeka mawa. Esinati wagona m'nyumba momwemo, ndipo bamboyo anaona kuti ndaona.