Gauni la Azakhali pa Chithunzi cha Bungwe

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira kuti kuzizira kwa kutaliko sikunakumalizeni mawondo. Kuno onse ali bwino, kupatula ine.

Bungwe lanu lija la amayi a madigiri likukwanitsa zaka makumi atatu, ndipo andisankha kuti ndilembe mbiri yake. Ndalemba zonse: mmene munaliyambitsira pabalaza panu ndi mipando yobwereka, komanso lamulo lanu lija lakuti wopanda digiri asapondemo, lomwe linabweza pakhomo ngakhale mkazi wa bwana wa kubanki.

Chavuta ndi chithunzi cha tsiku loyamba. Tachikulitsa n'kuchipachika muholo. Inu muli pakati, mutavala gauni, chibwano m'mwamba. Ndiye dokotala wa mano uja, amene sadutsa kanthu osakasuzumira, anavala magalasi n'kufunsa kuti, "Kodi ndi yunivesite iti imene gauni lake lili ndi kamtanda pachifuwa?" Loya anati mwina ndi yakunja. Mphunzitsi wamkulu anati ayi, iyeyo analionapo penapake, tsiku lina Lamulungu.

Ine tiyi ananditsamwa. Pajatu amayi anga mpaka lero amadandaula kuti gauni lawo la kwaya linasowa chaka chomwecho.

Sindikufunsa kanthu, azakhali. Kungoti agwirizana kuti mudzabwere kumwambo wokumbukira zaka makumi atatuzi mutavala gauni lomwelo, ndipo satifiketi yanu aigulira kale felemu.

Pofuna kukutetezani, ndawauza kuti munaphunzira za nyimbo. Ndiye akuti mudzatiimbirenso. Ndi mawu anu aja, azakhali!

Ine mwana wa achimwene anu,
amene tulo tamuthawa