Mawu a m'khutu la Enelesi

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Chifuwa chija chinakusiyani? Ine ndimadziuza kuti kumene muliko kulibe fumbi, ndiye mwina mukupuma bwino kusiyana ndi mmene munkapumira kuno ku Kanakantapa.

Ife tilipo. Mvula inabwera mochedwa, n'kuchokanso osatsanzika. Chimanga cha munda wa kumtunda chinapserera chisanamasule, koma cha kudambo kuja munkakunyoza kuti n'kwa achule ndicho chatipulumutsa. Mukanaona nkhokwe mukanagwira pakamwa, chimanga changofika m'chiuno. Mlamu wanga, mkazi wa Yona, anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Yona akufuna kumutcha dzina lanu, koma mkazi wake akuti dzinalo n'lolemera, mwana angakule wolongolola ngati agogo ake. Ndinaseka mpaka misozi, kenako kuseka kunatha koma misozi sinaleke. Mbuzi yanu yamawanga nayo sinasinthe khalidwe, inalowanso m'dimba la a Zulu n'kumaliza repu yense, ndipo ndinakapepesa ndine.

Kusukulu anandipatsa ntchito ina pamwamba pa kuphunzitsa. Tsopano ndine mphunzitsi wa uphungu, woona za ana amene mitima yawo yavulala. Pa holide anatitumiza ku koleji ya ku Chalimbana kukaphunzira, ndipo chachikulu chimene ndinatolako n'chakuti mwana akamachita zachilendo tisathamangire kufunsa kuti walakwa chiyani, tiyambe tafufuza kuti waona zotani. Ahedi anandipatsa kachipinda kamene kanali kosungiramo madesiki othyoka. Ndinasesamo, ndinachotsa zisa za mavu, ndinayala mphasa. Inu mukanati, "Neliya, zako sunathe, ukufuna kusenzanso za eni?" Koma ndinu nomwe munkati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye musandidzudzule.

Chimene chandikhazika pansi kuti ndikulembereni ndi mwana wina wa giredi faifi, dzina lake Enelesi. Ndi kamtsikana kowonda, kofatsa, kamene kale kankakhoza masamu kuposa anyamata. Temu ino kanayamba zachilendo. Pakati pa phunziro kankapendeketsa mutu kumanzere ngati wina wakaitana chapafupi, n'kuyankha motsitsa kuti, "Namvela." Pambali pake palibe munthu. Tsiku loyamba ana anaseka. Tsiku lachitatu anathawa m'kalasi, ena kudzera pawindo, ndipo kuyambira pamenepo benchi yake inakhala ya iye yekha. Minibasi ya ku Chongwe ikangomveka kumsewu, iye ankatuluka osapempha, kukaima pa waya wa mpanda mpaka fumbi litatha. Mphunzitsi wina anam'kwapula kuti samvera, mwana anagwa pansi n'kumanjenjemera ngati wagwidwa malungo, osatulutsa mawu.

Makolo anabwera kwa ahedi kudzanena kuti mwanayo ali ndi ziwanda, achoke asanapatsire anzake. Azakhali a pasukulu ndi ambiri, amayi, aliyense ndi matenda ake amene wamupezera mwanayo. Womulera, mng'ono wa mayi ake, dzina lake Jesi, anali atagwirizana kale ndi mneneri wina wa kuphiri kuti akamusiye kumeneko miyezi ingapo azikamupempherera. Ine ndinadziwa kuti akangopita, sukulu yathera pomwepo. Ndinachonderera ahedi kuti andipatseko nthawi, iwo anavomera monyinyirika.

Ndinayamba kuitanira Enelesi m'kachipinda kanga nthawi yopuma. Sindinamufunse kanthu. Ndinkangomupatsa pepala ndi makrayoni, chitseko n'kusiya chotsegula kuti adziwe kuti akhoza kutuluka pamene wafunira. Masiku ambiri anangojambula minibasi, ina yofiira, ina yabuluu, zonse zopanda anthu m'kati. Mtima unkandiyabwa kuti ndifunse, koma ndinkakumbukira mawu anu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lina masana, dzuwa lili pamutu, malata akuthetheka, anasiya kujambula. Anapendeketsa mutu, n'kukweza chala.

"Ba Madamu, khalani zii. Bakamba."

"Ndani akamba, Enelesi?" ndinafunsa.

"Bamayi."

Ndisakunamizeni, amayi, ndinachita mantha. Ndinayang'ana pakona pamene iye ankatchera khutu, panali tsache ndi miyendo ya desiki basi. Kunja ana ankasewera mpira koma phokoso lawo linkamveka ngati lili kutsidya la mtsinje. Ndinalimba mtima n'kufunsa kuti akuti chiyani.

"Mawu ni ya bamayi, koma bakamba monga ni munthu wina. Bakuti, 'Bamayi bako banafa. Osabasakila, osabalota.'" Anandiyang'ana m'maso koyamba. "Manje ba Madamu, nimvele ndani? Kunyumba bonse bakamba ati bali ku Lusaka pa nchito, bazabwela na basi."

Mawu amenewo ndimawadziwa. Ndi anu, amayi. Ndinawamva pakamwa panu ndili kamtsikana, tisanasamuke ku Katete, pamene anamwalira mkazi wa a Tembo n'kusiya kamwana koyenda dededede. Anakuitanani inu, poti ntchito imeneyi anthu ankati mumaitha. Munadikira kuti kagone, munagwada pamphasa, munaphimba pakamwa ndi dzanja, n'kukanong'oneza m'khutu kuti mayi ake amwalira, kasawafune, kasawalote. Nditakufunsani kuti kamva bwanji kali m'tulo, munati, "Maso amagona, khutu siligona." Zaka zonsezi ndinali nditaiwala, ndiye lero ndikuzimva pakamwa pa mwana wa eni, masanasana, inu muli m'manda.

Ndinaimbira foni a Mutinta, mayi wa ku boma amene amayendera ana ovutika m'masukulu. Anabwera pa njinga yamoto, tinapita limodzi kwa Jesi. Tinamupeza m'dimba akuthirira tomato, mwana kumsana. Ndinamufunsa mosazungulira ngati mayi a Enelesi ali moyo.

Anaika keni pansi. "Ba Aginesi banamwalila mu mvula, ku chipatala ku Lusaka. Mwana tinamupeleka kwa bululu, m'bale wathu, ku Chalimbana kuti asaone malilo."

"Nanga munamuuza?"

"Tinamuuza kudala, kalekale. Mwambo tinachita. Nine wamene ninamuuza, ali gone."

"Nanga masana mumamuuza chani?"

Anayang'ana pansi. "Masana timakamba ati bali ku nchito. Ba Madamu, mwana uja ni wofooka. Mukamuuza ali maso, mtima uzamuphulika."

A Mutinta anafunsa ngati mawu a Jesi ankafanana ndi a malemuwo. Jesi anati ngakhale mwamuna wa Aginesi ankasokonezeka pafoni, osadziwa kuti akulankhula ndi uti. Atangonena zimenezo anakhala pansi m'matope momwemo n'kuyamba kulira. Sindinamuone ngati munthu woipa. Ndi mtsikana wamng'ono kwa ine, ali ndi ana ake, mkulu wake wamufera, ndipo anachita chimene akuluakulu anamuuza kuti ndicho chifundo.

Apa ndiye ndikufuna tikambirane, amayi, ngakhale ndikudziwa kuti simunkagonja pa mkangano. Ine mwambo wanu sindikuunyoza. Koma kamwana ka a Tembo kanali kosadziwa kulankhula, ndipo katadzuka kanaona phulusa la moto wa maliro pabwalo, kanaona azimayi atameta, kanamva nyimbo. Mudzi wonse unkanena chimodzimodzi ndi chimene munakanong'oneza. Enelesi ndi wamkulu, amadziwa kuwerenga. Anabwerera kupeza pabwalo posesedwa, anthu akumwetulira, zovala za mayi ake zitasowa pachingwe. Khutu linamva, monga munkanenera, koma aliyense wamaso ankalitsutsa. Ndiye mwana akanapita nawo kuti mawuwo? Anangokhala nawo, akumubwerera m'kalasi, panjira, pachitsime.

Tinakhala m'dimbamo mpaka dzuwa kupendeka. Jesi ankaopa mneneri, ankaopa apongozi ake, ankaopanso kuti ana saloledwa kumanda. A Mutinta anati mutu umodzi susenza denga, tikapemphe kwa amalume a mwanayo, ndipo amalumewo atamva zonse anangoti chitani. Tinagwirizana kuti Loweruka, tsiku limene anayenera kupita kuphiri, tipite naye kumanda m'mawa kukuwala, amve zoona ali maso.

Manda ake ali kuseri kwa minda, pakati pa mitengo ya masuku. Kunali bata loti ngakhale njiwa sizinkalira. Enelesi anayenda atagwira chitenje changa, osafunsa kumene tikupita. Titafika pa mtumbira wina wopanda udzu wambiri, Jesi anagwada kuti afanane naye msinkhu.

"Enelesi, bamayi bako banafa. Bali apa. Tinakunama."

Mwana anatseka maso. "Kambaninso."

Jesi anabwereza.

"Ni imwe," anatero Enelesi, maso akadali otseka. "Ni mawu yanu."

"Ni ine, mwana wanga. Ninakuuza uli gone. Nikhululukile."

Ndinkayembekeza kuti akuwa kapena athawa. Sanatero. Anafunsa funso limodzi lokha, loti n'chifukwa chiyani ankamusiya kudikira basi masiku onse aja. Kenako anasiya chitenje changa, anagwada kumutu kwa mtumbira, anaphimba pakamwa ndi dzanja ndendende mmene munkachitira inu, n'kuyandikiza milomo ku dothi. Palibe amene anamuphunzitsa zimenezo. Ine ndinali pafupi, ndinamva.

"Namvela, amayi. Lekani manje."

Ndiye analira. Kulira kwake kunali kwa munthu wamkulu, kochokera m'mimba. Azimayi amene ankakolola m'minda yapafupi anaponya madengu n'kubwera akuthamanga, poganiza kuti kwagwa maliro atsopano. Atamva nkhani sanabwerere, anakhala pansi mozungulira mwanayo n'kuyamba kulira naye, wina n'kuyambitsa nyimbo ya ku tchalitchi. Maliro n'kulirana, amayi. Ine ndinalira a Aginesi amene sindinawaonepo, ndinaliranso inu.

Sindikuuzani kuti wachira, chifukwa bodza simunkalikonda. Lolemba anabwera kusukulu maso atatupa. Jesi wauza mneneri kuti adikire, koma apongozi ake akadali kung'ung'udza, ndipo makolo ena akuti aona mmene temu ithere. A Mutinta akonza zoti azionana ndi namwino wa ku kiliniki amene amadziwa za matenda a maganizo. Aphunzitsi anzanga ndawapempha kuti asamukalipire, akafuna kutuluka azibwera kwa ine. Minibasi ikadutsa amadzidzimukabe, koma sakupitanso ku waya. Mtsikana wina wolimba mtima wayamba kukhala naye pa benchi.

Dzulo ndinali kumbuyo kwa kalasi yawo nthawi ya masamu. Ndinamuona akuimitsa pensulo, akupendeketsa mutu kumanzere, akumvetsera nthawi yaitali ndithu. Sanayankhe kanthu. Anangogwedeza mutu pang'ono ngati munthu amene akukana ndiwo zowonjezera, n'kupitiriza kulemba. Sindinamufunse kuti anamva chiyani, ndipo kunena zoona ndikuopa kufunsa. A ku Chalimbana anatiuza kuti mawu otere amachokera m'mutu mwa mwana wovulala mtima, ndipo ndikukhulupirira. Koma ine ndi mwana wanu, ndinakulira m'manja mwanu, ndiye pali pena pamene maphunziro safika.

N'chifukwa chake ndili ndi pempho. Inu simunkadutsa munthu osamupatsa moni, ndiye ndikudziwa kuti kumeneko mwadziwana kale ndi onse. Mukakumana ndi mayi wina wachitsikana, Aginesi wa kuno ku Kanakantapa, amene anabwera nyengo ya mvula, mukhale naye pansi. Mumuuze kuti mwana wake wamva, wauzidwa ali maso, ndipo walira. Mumuuze kuti asavutike kubwera ku kalasi, agone. Za kuno atisiyire ife amoyo.

Ine ndikulonjeza pamaso panu kuti Enelesi sachoka pasukulu pano ine ndilipo. Ndidzakangana ndi ahedi, ndi apongozi, ndi mneneri yemwe ngati kuli kofunika, mpaka tsiku limene adzalowe m'chipinda cha mayeso a giredi seveni ndi pensulo yake m'manja. Kulongolola ndinatengera kwa inu, ndiye kundithandizeko pamenepa.

Ndimakukondani, amayi, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Neliya