Ndeke ya Naini Koloko

Msoro, Mambwe

Wokondedwa mlongo wanga Evans,

Uli bwanji ku Lusaka, iwe ndi mlamu wanga Delia? Kuno tili bwino. Amayi miyendo ikuwavutabe. Njovu chaka chino zatichitira ulemu, zadya theka la munda lokha.

Mwezi wamawa tikuika mwala pamanda a atate. Patha chaka usanaponde kuno, ndipo ndadziwa chifukwa chake. Ndine.

Titaika atate, abale tonse tinayenera kuchezera pasiwa. Unanditengera pambali n'kundiuza kuti m'mawa ukunyamula alendo ku Mfuwe, ndipo lamulo la oyendetsa ndeke limafuna kuti munthu apume maola teni asanauluke. Unapempha kukagona ku mishoni. Amalume a Paskale atamva anafunsa ngati ndeke ndiyo inakubala, anthu n'kuseka. Ine, wofika giredi twelofu, wodziwa kuti lamulolo sanalembere aulesi, ndinawonjezera kuti mwana wamwamuna mmodzi yekhayo sagona pamatiresi dothi la pamanda lisanaume. Unakhala pamoto ndi amuna mpaka kucha.

Zotsatira zake wandiuza ndi Delia pafoni sabata yatha. Usamukalipire.

Akuti papepala la kuntchito unalemba kuti wapuma mokwanira. Akuti muli m'mwamba, alendo sikisi kumbuyo kwako, unaona atate pampando wapambali, atavala jekete lomwe tinawaika nalo, akusuzumira pawindo ngati munthu woyendera munda. Anatembenuka n'kukuitana dzina. Utatsegula maso ndeke inali itatsika mpaka mitengo ya paphiri ikuoneka nthambi ndi nthambi. Unaikweza. Alendo ankajambula zithunzi, palibe anadziwa.

Nditawafotokozera amalume, anati umenewo ndi umboni woti atate anakondwera nako kuchezera kwako. Ine ndikuti atate analeka kupuma kwawo kuti adzakonze zimene ife amoyo tinawononga, ndipo sindikhulupirira kuti adzadzuka kachiwiri.

Masiku ano ndeke ya naini koloko ikamadutsa ndimaima ndi khasu m'manja mpaka phokoso lithe. Sindidziwa ngati ndi yako. Ndimangowerenga anthu seveni amene ndikanawaika m'manda ndi pakamwa panga.

Undikhululukire, Evans, ndipo ubwere. Amayi akuganiza kuti unawataya, ndipo sindinapeze mawu owauzira. Upemphe masiku kuntchito. Akakana, bwerabe: chipinda ku mishoni ndalankhula nawo kale. Dzuwa likalowa udzapita kukagona anthu onse akuona. Amalume akadzafuna kukudzutsa adzapeza ine pakhomo, ndipo iwe ukuidziwa ntchito ya pakamwa panga.

Undiperekere moni kwa Delia ndi ana. Mulungu akusunge pansi ndi m'mwamba momwe.

Ndine mlongo wako,
Misozi