Abambo Akupukutabe Dishi ya pa Thambani

Amayi anga, kumeneko kukucha bwanji?

Kuno tilipo, kungoti mitima ndiye siili m'malo. Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa inu munkadana ndi munthu wofika ndi nkhani yoipa asanakhale n'komwe pansi. Kwa mwana wanu Yohane ku Neno kwabadwa mwana wamkazi. Alamu anachira bwinobwino, ndipo mwanayo amutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe ija, koma kulira kwake ndikuganiza kuti watengera kuchikazi, kwathu kulibe pakamwa potero. Ndinapitako ndi nkhuku ndi sopo.

Chimanga sichinachite bwino. Mvula inadula chitangoyamba kumasula, ndiye nkhokwe yangofika m'chiuno. Nandolo akulonjeza. Manachesi anu ndiye abereka mopanda manyazi, moti abambo achita kuchirikiza nthambi ndi mphanda. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa awiri, koma khalidwe silinasinthe, idakalowabe m'madimba a eni, ndipo wopepesa tsopano ndine.

Tsopano ndinene chomwe chandikhazika pansi. Ntchito yanga ija munapita musanaimvetse, ndipo sindikukudandaulani, chifukwa a malume mpaka lero amati ndimakonza ma TV. Inu munkauza amayi a kutchalitchi kuti, "Esinta amalondera mbale yoyang'ana kumwamba ija ya pa Thambani." Lero ndikufotokozereninso, poti nthawi tsopano muli nayo. Bungwe lomwe linandilemba ntchito limawerengetsa za mvula: igwa liti, igwa kuti, ichuluka bwanji. Masamu ake ndi aakulu moti kompyuta imodzi singawathe, ndiye amawaduladula n'kugawira makompyuta ambirimbiri a m'maboma osiyanasiyana kuti iliyonse isenze mbali yake. Paja mutu umodzi susenza denga. Makompyuta athu a m'kachipinda ka pa Thambani ali m'gulu lomwelo.

Anzathu a pa boma ndi a ku Blantyre amalumikizana pa chingwe chokwiriridwa pansi, chomwe chinangotsata msewu wa tala osakhotera kwathu kuno. Ife uthenga wathu umatulukira pa dishi ija, n'kukwera kumwamba kutali kwambiri komwe kuli satelayiti, n'kukatsikira kudziko lina, kenaka n'kuyamba kubwerera kudzafika ku Blantyre, komwe munthu wokwera minibasi amapita n'kubwerako tsiku lomwelo. Yankho nalo limadzera njira yokhayokhayo. Ulendo wonsewo, kupita ndi kubwera, umatenga kupitirira pang'ono theka la sekondi.

Ndikudziwa mukuseka. Mukanati, "Ndiye vuto lili pati pamenepo? Anthu tinkadikira kalata mwezi wathunthu ife." Vuto ndi lakuti makinawa amafunsana kosalekeza. Mtambo ukachoka m'chigawo cha kompyuta ina umalowa m'chigawo cha inzake, choncho palibe imene ingapite patsogolo isanamve kwa oyandikana nayo. Onse akamaliza gawo lawo amaima kudikira Thambani. Thambani akayankha amayambanso, n'kumaliza, n'kuimanso kudikira Thambani. Tizidutswa ta sekondi timeneto tikaunjikana, ntchito yofunika kutha m'mawa imatha dzuwa litapendeka, ndipo nthawi zina uthenga wa mvula umafika kwa alimi mvulayo itagwa kale. Tasanduka munthu wotsimphina pa ulendo wa gulu. Akuluakulu a ku Blantyre anandiuza poyera kuti kuchedwaku kukapanda kuchepa, Thambani amuchotsa m'gulu, dishi adzaimasula, ine ndikagwirire ntchito kulikulu.

Wina akanavina kumva zopita mtauni. Ine ndinangoganiza za abambo.

Izi zinachitika inu mutapita, ndiye mwina simukuzidziwa. Titameta maliro anu, a malume Fulawo anasonkhanitsa mbumba kuti asudzule abambo monga mwa mwambo. Anayankhula mwaulemu, sindingawanamizire. Anati, "Alamu, mlongo wathu mwamusunga mpaka kumuika m'manda. Tilibe nanu chifukwa. Ndinu omasuka kubwerera kwanu." Abambo anangoyang'ana zala zawo za kumapazi. Kwawo kuti, amayi? Kuseri kwa Zobue komwe anathawa nkhondo ali mnyamata, komwe mudzi unabalalika ndipo onse owadziwa anatha? Ndinagwada pansi ine n'kupempha. A malume anati, "Chabwino. Malinga iwe Esinta uli pakhomo pano, bambo akowa akhale, ndi mlendo wako. Koma tsiku lomwe udzachoke, sitingasunge mkamwini pamudzi popanda mkazi wake kapena mwana wake. Ana a mayi ako aang'ono akusowa polima."

Sindingati a malume ndi oipa. Mwambo anaupeza, ndipo anawo akusowadi polima. Yohane naye ndi mkamwini kwa eni ake, sangapite ndi bambo ake kuchikamwini. Ndipo inuyo, m'chipatala pa boma paja, munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Bambo akowa alibe kwina. Usawasiye." Ndinavomera mosavuta, poti ntchito inali pakhomo. Sindinkadziwa kuti lonjezo langa kwa inu lidzakoloweka pa theka la sekondi.

Musaganize kuti ndangopinda manja. Ndayesa zonse zomwe ndinaphunzira, ndi zina zomwe ndinaphunzira kwa inu. Choyamba ndinawaletsa makinawa kulonjerana. Nthawi iliyonse akafuna kutumizirana kanthu ankayamba ndi kufunsana kuti uliko, ndiliko, nditumize, tumiza, ndipo liwu lililonse linkakwera kumwamba n'kutsika palokha. Ndinakonza zoti akalonjerana kamodzi m'mawa basi, khomo likhale lotsegula tsiku lonse. Inu, amene munkaimitsa munthu panjira mpaka kumufunsa za nkhuku zake, mukanati ndawaphunzitsa mwano. Kenaka ndinakumbukira mmene munkatikalipira tikafuna kupita kuchigayo ndi kachitini kamodzi: "Dikirani thumba lidzaze, miyendo si ya boma." Nawonso ndinawauza kuti aziunjika timauthenga tawo n'kutumiza mtolo umodzi. Zinthu zomwe amazifuna kawirikawiri ndinazisunga konkuno kuti asamakazipemphe ku Blantyre nthawi ndi nthawi. Ndinapemphanso kuti Thambani azipatsidwa ndime yaikulu yoti alime yekha kwa nthawi yaitali asanafunse mnzake.

Zinathandizako, amayi, sindikana. Masiku oyambawo ndinkabwera kunyumba ndikuimba. Koma mvula siilemekeza malire a ndime, mitambo imadutsabe, ndipo makinawa ayenera kufunsanabe. Mafunso ndawachepetsa, koma mtunda sindingaufupikitse. Uthengawo umathamanga kale pa liwiro la kuwala, ndipo palibe cholengedwa chothamanga kuposa pamenepo. Satelayitiyo ili pomwe anaiika, ine sindingaikokere pansi. Pali masatelayiti ena atsopano ouluka chapafupi, omwe yankho lawo silichedwa chotere. Ndinalemba kupempha, anandiyankha kuti pangano ndi eni dishi yathuyi silinathe, ndipo malo amodzi okha sangawasinthire. Chopweteka china n'chakuti dzinja lathali, mvula yamphamvu ikangoyamba, dishi inkasiyiratu kumva. Makina owerengetsa mvula, kugonja ndi mvula yomweyo. Ndinaseka ndekha m'kachipinda muja mpaka misozi, ndipo sindikudziwa kuti inali misozi ya chiyani.

Sabata yathayi tinali ndi msonkhano wa pa kompyuta, ine kuno, mabwana ku Blantyre, mawu athu akudzera pa dishi yomweyo. Ndinali nditakonzeka kuwauza za abambo. Sindinkafuna kulira, ndinkangofuna adziwe kuti kuseri kwa manambala awo kuli munthu. Abwana aakulu atamaliza kuonetsa mmene Thambani akuchedwetsera anzake, anafunsa kuti, "Pali woonjezera?" Ndinayamba kuyankhula pomwepo. Koma funso lawo linandipeza mochedwa, mawu anga nawo anawapeza mochedwa, ndiye iwo atamva zii anayamba kupitiriza. Tinawombana pakati. Ndinasiya kuti ndiwapatse ulemu, iwonso anasiya. "Pitirizani, a Esinta." Ndinayambanso, iwonso n'kuyambanso, poganiza kuti ndilibe mawu. Kachitatu anaseka n'kunena kuti, "Mwaonatu, ndi vuto lomwe tikunenali." Onse anaseka nawo, osati mwachipongwe, ndipo anapita pa mutu wina. Ine ndinatsala kukamwa kuli yasa, dzina la abambo lili pa lilime.

Mawa lake ndinawaimbira foni abwanawo n'kuwafotokozera zonse. Anandimvera chisoni, ndikukhulupirira kuti chinali chenicheni, koma anati chigamulo chinapita kale. Manachesi akamatha, Thambani atuluka m'gulu. Pakadali pano andiuza kuti ndiike malire a nthawi yodikira, kuti Thambani akachedwa kuyankha, anzake asamamudikire, azigawana ntchito yake n'kumapita. Woika malirewo ndine ndemwe, ndi zala zangazi. Ndawaika dzulo. Ndinakhala n'kumaonerera makompyuta athu akutumiza mayankho olondola bwinobwino, koma ofika anzawo atadutsa kale, opanda wowalandira.

Chigamulochi chisanabwere, ndinaganizapo zosiya ntchito. Nditangotchula, abambo anandidula: "Manachesi onse tinagulitsa ndi mayi ako pokulipirira sukulu aja anali oti udzalondere nkhalamba? Usayerekeze." Ndinati nanga tipitire limodzi ku Blantyre. Anati, "Ndikatani kumeneko, kuwerenga magalimoto? Mitengoyi athirira ndani? Manda a mayi ako alambula ndani?" Kenaka anamaliza ndi liwu lawo lija la kwawo lomwe munkawaseka nalo, "Pasiyensiya, mwana wanga," ngati kuti kupirira ndi mankhwala a chilichonse. Inunso munkati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndadekha, amayi, mpaka khosi kuuma ndi kuyang'ana kumwamba, koma palibe chomwe ndaona.

Pali chinthu china chomwe sindinauze munthu aliyense. Chiyambireni kumva kuti uthenga ukuchedwa, abambo amandiperekeza kuntchito m'mawa uliwonse. Amatenga kansalu kong'amba ku chitenje chanu chakale chobiriwira chija, n'kukwera pa mpando, n'kuyamba kupukuta dishi. Amati fumbi la pamsika ndi lomwe likulemetsa mawu. Anadulanso nthambi ya mango yomwe inali chapafupi, ati inkatchinga njira. Tsiku loyamba ndinafuna kuwauza kuti fumbi lilibe mlandu, koma nditaona mmene ankapukutira, pang'onopang'ono ngati akusambitsa khanda, ndinangogwirira mpando kuti asagwe. Akatsika amandifunsa, "Lero yafulumirako?" Ine ndimati, "Pang'ono, abambo." Amagwedeza mutu n'kupinda kansalu kaja bwinobwino, kuika m'thumba la malaya.

Za chigamulo sindinawauze. Ndimati ndiwauza madzulo, madzulo akafika ndimati ndiwauza m'mawa. Koma ndikuganiza kuti akudziwa. Lachiwiri ndinalowa kuchipinda kwawo kukatenga tochi, ndinapeza atatsitsa sutikesi yachitsulo ija yomwe munkati ndiyo chuma chokha chomwe anabwera nacho podzakufunsirani. Aipukuta dzimbiri, loko amuthira mafuta. Mkatimo munali jekete lawo la kutchalitchi, mpeni wawo womezanitsira mitengo, ndi chithunzi chanu chomwe chinkakhala pakhoma. Ndinatseka n'kutuluka ngati sindinaone kanthu. Mawa lake anadzuka, anatenga kansalu kawo, tinapita, anakwera pa mpando.

Amayi, ndasowa pogwira. Ndili ndi mantha, ndipo ndikuchita manyazi kuti ine wophunzira pakhomo pano, amene ndimayankhulitsa makina a m'maboma akutali, ndikulephera kusungira bambo anga khonde lomwe anamanga ndi manja awo. Mukanakhalapo, mukanangomanga chitenje m'chiuno n'kupita kwa mlongo wanu, ndipo nkhaniyi ikanatha madzi osamba asanazizire. A malume ankakuopani inu nokha. Ine akandiona amaonabe kamwana komwe ankakanyamula paphewa.

Komabe Lamulungu likubwerali ndipita kwa iwo, tikangoweruka kutchalitchi. Ndikagwadanso. Ndikawapempha kuti ngati munda ukufunika autenge, koma asiye nyumba ndi mitengo ya manachesi kwa munthu amene anaibzala. Sindikudziwa kuti akayankha chiyani. Ngati kumeneko kuli njira yofikira kwa mlongo wanu, kaya m'maloto kaya bwanji, chonde tsogolani, mukafike ine ndisanafike. Musachedwe, amayi, manachesi ayamba kale kupsa.

Ndikulonjeza chinthu chimodzi chomwe ndingathe. Kulikonse komwe sutikesi ija idzapite, ndidzainyamula ndine, ndipo sindidzabwerera ndisanaone pomwe abambo agona. Mpaka tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ndizigwirabe mpando uja.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani koopsa.

Ndine mwana wanu,
Esinta